Masabata oyamba munthu akaleka mowa

Caka ciliconse tikamaliza kukolola ndi kugulitsa, m'mipingo mwathu muno m'cigawo ca Kum'mawa mumaoneka cinthu cimodzi. Ca m'ma Seputembala kapena Okutobala, ndalama za cimanga, thonje ndi nshawa zitathela ku mowa, bambo wina amaimilila pamaso pa mpingo, mutu uli pansi, ndi kulonjeza kuti sadzalawanso. Amai amaimba nthungululu, akulu a mpingo amamugwila canza, ndipo tonse timabwelela kunyumba mitima ili mbee. Koma zimene zimacitika pa Mande, pa Ciwili ndi pa Citatu amaziona ndi a m'nyumba okha. Ine ndinaziona pa akulu anga, mlimi wa m'boma la Katete, m'caka ca 2023, ndipo andilola kuzilemba pano malinga ndisachule dzina lao kapena la mudzi.

Akulu angawa anamwa kacasu pafupi-fupi tsiku lililonse kwa zaka zoposa 15. M'zaka zomaliza sanali kupita kumunda asanamweko kabotolo ka m'mawa, cifukwa manja anali kunjenjemela kwakuti ngakhale tiyi anali kutayikila pa malaya. Analonjeza pa Sondo. Pa Mande anauka thukuta lili kamu-kamu, nsima inakana kulowa, ndipo phala limene alamu anawaphikila analisanza. Pa Ciwili masana anagwa pa khonde ndi kuyamba kuphilipitha ngati munthu wa khunyu. Pa Citatu usiku anayamba kukuwa kuti m'denga muli njoka, uku akusasa zobvala kuti nyelele zikuwayenda pathupi, osazindikila ngakhale mwana wao woyamba.

Amai athu anati, “Mwana wangayu amulodza. Uja wophika kacasu wakwiya kuti ndalama zamuthawa.” Ena a mu mpingo amene anabwela kudzationa anati ziwanda za mowa zikutuluka, conco tipemphele kufikila mbandakuca. Alamu anga, amene nthawi zonse sayankha apongozi ao, anagwada nati, “Amai, kupemphela tipemphela ndithu, koma tipemphelele pa ngolo. Ana mangani ng'ombe, tipite ku kiliniki.” Tinafika tambala woyamba asanalile, ndipo m'mawa mwake a ku kiliniki anatitumiza ku cipatala cacikulu. Kumeneko dokotala anatiuza mosabisa kuti tikadacedwa usiku wina tikadalila malilo.

Cimene cinacitika si ufiti. Mowa umagonetsa ubongo, ndiye munthu akamamwa tsiku ndi tsiku kwa zaka, ubongo umazolowela kugwila nchito mokakamiza kuti ulimbane ndi kugonetsedwa kuja. Zili ngati ng'ombe zimene zikukoka ngolo yodzala matumba pa citunda: mukadula cingwe mwadzidzidzi, zimathamangila kutsogolo ndi mphamvu yonse ija ndipo zikhoza kugwa. Mowa ukacoka mwadzidzidzi m'magazi, mtima umathamanga, thukuta limatuluka, manja amanjenjemela, tulo timasowa, ndipo munthu amagwidwa ndi mantha opanda cifukwa. Zimenezi zimayamba pakapita maola 6 mpaka 24 kucokela pamene munthu wamwa komaliza. Kugwa ngati khunyu, kwa amene kumawagwila, kumabwela kawili-kawili m'masiku awili oyamba. Kusokonezeka mutu ndi kuona zinthu zimene palibe, kumene madokotala amati delirium tremens, kumabwela pa tsiku lacitatu kapena lacinai, ndipo kumeneku ndiye kumapha ngati munthu sanathandizidwe.

Si aliyense woleka mowa amene amafika pamenepa. Ambili amabvutika ndi kunjenjemela, mselu ndi kusowa tulo, ndipo pakatha sabata imodzi thupi limayamba kukhala m'malo. Amene ayenela kusamala kwambili ndi uja amamwa tsiku lililonse, uja amafuna kabotolo ka m'mawa kuti manja aleke kunjenjemela, uja anagwapo kale atayesa kuleka, ndi uja ali ndi matenda ena monga a shuga, a ciwindi kapena cifuwa cacikulu. Munthu wotele asaleke yekha kumudzi. Ayambe wapita ku kiliniki ndi kunena zoona zeni-zeni za kuculuka kwa mowa umene amamwa, osati zija timauza abusa zakuti ndimangolawa pa ukwati. Ku cipatala kuli mankhwala, monga diazepam, amene amapatsa munthu kwa masiku ocepa kuti ubongo utsike pang'ono-pang'ono, ndiponso vitamini B1 amene thupi la cidakwa limakhala litasowa. Mankhwalawa si ogula pa kantemba kapena kubweleka kwa mnzanu, ndipo kuwaphatikiza ndi mowa kukhoza kuimitsa kupuma. Cinanso, munthu wotentha thupi ndi wobwebweta angakhale ali ndi malungo, motelo amafunika kupimidwa magazi. Amene ali pa ma ARV kapena pa mankhwala a cifuwa cacikulu asaleke kumwa mankhwala ao, koma auze anamwino kuti akuleka mowa. Zipatala monga Chipata Central ndi St Francis ku Katete zimalandila odwala amene makiliniki alephela, ndipo ku Lusaka kuli Chainama, kumene amaona matenda a maganizo ndi a mowa omwe.

Akulu anga anagona m'cipatala masiku 6. Tsiku limene tinabwela nao kumudzi, tonse tinali kuganiza kuti nkhani yatha. Imeneyo inali mbali yofupika cabe.

Sabata yaciwili ndi yacitatu anali munthu wobvuta kukhala naye kuposa pamene anali kumwa. Usiku anali kungotembenuka pa mphasa kufikila 2 koloko, akagona pang'ono n'kulota ali pa mowa, n'kudzidzimuka ali ndi mantha kuti aphwanya lonjezo. Mwana akagwetsa mbale anali kukalipa ngati nyumba yapsa. Tsiku lina alamu anandiuza misozi ili m'maso kuti, “Alamu, kodi munthu amene tinapita naye ku cipatala ndi yemweyu? Uja woledzela anali kuseka ndi ana.” Mau amenewa amanenedwa m'nyumba zambili, ndipo mwamuna akawamva amapeza cifukwa cobwelela ku mowa. A m'nyumba ayenela kudziwilatu kuti kukwiya msanga, kusowa tulo ndi kukhala ndwii ndi mbali ya kucila, ndipo tulo timatha kutenga masabata angapo, kwa ena miyezi, kuti tibwelele bwino. Izi sizitanthauza kuti mkazi apilile kumenyedwa. Kumenya ndi mlandu, munthu akhale woledzela kapena woleka, ndipo ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yoona nkhani zimenezi.

Cimene ndinaphunzila m'masabata amenewo n'cakuti cibaba ca mowa cili ndi ola lake, njila yake ndi anthu ake. Kwa akulu anga ola linali 16 koloko, dzuwa litapendeka, pamene kwa zaka zonse zija anali kutsamilitsa khasu ndi kuyamba ulendo wa kuseli kwa mudzi. Ola limenelo likakwana, miyendo yokha inali kufuna kunyamuka. Cibaba cimabwela mwamphamvu ngati kabvumvulu, koma sicikhalitsa. Nthawi zambili munthu akapilila theka la ola, akudya kanthu, akumwa madzi kapena akuceza ndi wina, cimatsika cokha, ngakhale kuti cimabwelanso mawa lake. Njala, kutopa, mkwiyo ndi kukhala wekha ndizo zimacikulitsa. Conco alamu anasintha nthawi yophika. Pofika 16 koloko panali tiyi wa shuga ndi mbatata kapena cinangwa, ndipo akangomaliza kudya mwana wamkulu anali kuwapelekeza ku dimba kukathilila tomato kufikila mdima. Poyamba anali kupita akung'ung'udza. Tomato uja ndiye anadzalipila K400 ya feteleza wa FISP caka cimeneco.

Akatolika ambili anamvapo za Matt Talbot, munthu wa ganyu wa mu mzinda wa Dublin ku Ireland, amene anabadwa mu 1856 ndi kuyamba kumwa ali ndi zaka 12 atalowa nchito kwa wogulitsa vinyo. Mu 1884, ali ndi zaka 28, anaima panja pa nyumba ya mowa alibe ndalama, kuyembekeza kuti anzake amene anali kuwagulila amuitana. Onse anamupitilila. Anapita kwa wansembe ndi kulonjeza kuleka. Cimene timaiwala pofotokoza nkhani yake n'cakuti poyamba sanalonjeze moyo wonse, analonjeza miyezi 3 cabe, ndipo ya moyo wonse inabwela pambuyo. Madzulo, nthawi imene anzake anali ku mowa, iye anali kukakhala m'chalichi, ndipo analeka kuyenda ndi ndalama m'thumba. Anakhala osamwa zaka 41 kufikila imfa yake pa 7 Juni 1925, pamene anagwa pa mseu akupita ku Misa, ndipo mu 1975 Papa Paul VI anamuika pa gulu la Olemekezeka. Anali munthu wa pemphelo kwambili, koma onani kuti pemphelo lake analiika pa ola leni-leni la cibaba, ndipo thumba analisiya lopanda kanthu.

Nkhani ya thumba ndi imene amuna athu safuna kumva. Mlimi salandila ndalama mwezi ndi mwezi ngati mphunzitsi. Zimabwela pamodzi, kaya kucokela ku FRA, ku kampani ya thonje kapena kwa amalonda oyenda ndi sikelo, ndipo masiku ano zambili zimagwela pa foni imene ili m'thumba la bambo. Mu Okutobala, akulu anga ali ndi masabata atatu osamwa, ndalama za matumba omaliza zinalowa. Ananyamuka pa njinga kuti akatape ku sitolo za pa mseu, anafika pa mphambano, anaima, n'kubwelela. Atafika anaponya foni pa mphasa nati kwa alamu, “Tengani, mukatape ndinu. Ine ndikapita ndekha sindibwela lelo.” Anzao atamva anawaseka kuti adyetsedwa khuzumule. Ine ndikuti pa zonse zimene anacita m'miyezi ija, cimeneci ndiye cinali ca camuna kopambana. Ndalama zija zinagula mbeu, nsapato za ana asukulu, ndipo zina zinabweza nkhongole kwa mai uja wophika kacasu. Anakapeleka ndi alamu, cifukwa nkhongole ya ku mowa ikatsala imakhala cingwe cokokela munthu pa khomo lomwe lija.

Njila nayo anasintha. Yacidule yocokela ku dimba imapita pafupi ndi nyumba ya kacasu, pamene ngakhale fungo lokha la matokoso limakwanila kudzutsa cibaba. Anayamba kuzungulila ku mjigo, ulendo wotalikilapo, ndipo akuyendabe momwemo mpaka lelo. Tisanamizane kuti mowa ungasowe pafupi. Boma linaletsa tujilijili mu Epulo 2012, nduna Nkandu Luo ndiye analengeza, koma tumabotolo tochipa ndi kacasu zikupezekabe m'midzi ndi m'misika. Woleka mowa sangayembekezele kuti lamulo limuchingile njila, ayenela kuilambalala yekha.

Anzake a ku mowa sabwela ndi nkhondo, amabwela ndi cikondi. “Akulu, mwatitaya? Bwelani mudzangokhala nafe, mudzamwa Fanta.” Kapena, “Kamodzi kokha aka, ka malilo, Mulungu amvetsa.” Ena mwa iwo ndi acibale, ena ndi amene anakunyamulani pamene munadwala, ndiye kuwakana kumawawa. Akulu anga anapeza yankho lalifupi limene silitsegula mkangano: “A dokotala anandiletsa, ndinatsala pang'ono kufa.” Pa mudzi pathu munthu akati wapemphela amayesedwa kuti aone ngati n'zoona, koma akati wadwala amasiyidwa. M'miyezi yoyamba kukakhala pa bwalo la mowa ndi botolo la Fanta ndi kudzinamiza. Ndipo kunena zoona, ena mwa anzao aja analeka kubwela atangoona kuti sawagulilanso.

Cobvuta n'cakuti kwathu kuno mowa uli paliponse pamene anthu asonkhana. Uli pa malilo kwa okumba manda, uli pa dima pamene tithandizana kupalila, uli pa cinkhoswe, pa Khisimasi ndi pa Nyuwele. Munthu sangaleke kupita ku malilo. Cimene angacite ndi kupita atadya, kupita ndi munthu amene akudziwa za lonjezo lake, kukhala kumbali ya oimba nyimbo, ndi kucoka mwambo ukangotha. Eni dima nao angathandize pophika thobwa kapena munkoyo pambali pa mowa, kuti wosamwa asabwelele kunyumba kukhosi kuli gwa. Koma cenjelani ndi thobwa logona masiku. Likayamba kuwawasa ndi kucita thovu limakhala layamba kusanduka mowa, ndipo kwa munthu wa masabata ocepa kakomedwe kameneko n'kokwanila kumukumbutsa njila yakale.

Pa malilo pomwepo ndi pamene akulu anga anagwa. Inali sabata yacisanu ndi ciwili, mu Novembala, pa malilo a msuweni wathu. Anapita ndi adzukulu kukakumba manda m'mamawa osadya kanthu, dzuwa linawaomba, botolo linazungulila, ndipo linafika m'manja mwao. Anabwela nao madzulo atawagwilila uku ndi uku. Mowa umene kale unali wongoyambila unawagwetselatu, cifukwa thupi likakhala masabata osamwa silipililanso muyeso wakale, ndipo apa ndi pamene ena amafela m'ngalande kapena pa mseu.

M'mawa mwake anakana kutuluka m'nyumba cifukwa ca manyazi. Anati zonse zapita pacabe, kuli bwino angopitiliza kumwa popeza mudzi wonse waona. Maganizo amenewa ndi oopsa kuposa botolo limene linamwedwa dzulo. Mkulu wina wa mu mphakati wathu, amene nayenso analeka mowa zaka zambili zapitazo, anabwela, anakhala pa mpando pakhomo, nati, “Mphwanga, masabata 6 aja sanapite kulikonse, ana anadya ndipo mbeu ili m'nyumba. Tiye tione cimene cinakugwetsa.” Anawelenga pamodzi: njala, dzuwa, cisoni, ndi kupita okha popanda wowayang'anila. Sanawatengele kutsogolo kwa mpingo kuti akalape poyela. Anangopangana kuti azikumana pa Citatu ndi pa Ciwelu madzulo pansi pa mtengo wa mango, kuseweletsa nsolo ndi kukambilana mmene sabata yayendela.

Njila imeneyi ya anthu awili si yatsopano. Gulu la Alcoholics Anonymous, limene lili m'maiko ambili, linayamba mu 1935 mu mzinda wa Akron ku America pamene zidakwa ziwili, Bill Wilson ndi dokotala Bob Smith, zinapeza kuti kukambilana zokha-zokha kunali kuzithandiza kukhala osamwa, ndipo cimodzi mwa ziphunzitso zao ndi kuganiza za tsiku la lelo lokha. Mu Mpingo wa Katolika muli gulu la ma Pioneer, limene wansembe wa ciJezwiti James Cullen anayambitsa ku Dublin mu 1898, la anthu olonjeza kusamwa ndi kupemphelela omwe mowa wawagwila. Kumidzi kutali ndi tauni misonkhano ya magulu otele siipezeka wamba, koma palibe mpingo umene ulibe munthu mmodzi amene anayendapo njila imeneyi. Ansembe, abusa ndi akatekisiti amawadziwa anthu amenewa. Bwanji osati tsiku lomwelo munthu walonjeza, asanatuluke m'chalichi, apatsidwe mnzake woyenda naye, ndipo afunsidwe ngati wapita ku kiliniki? Nthungululu timaimba bwino, koma pa Citatu sitioneka. Ndipo tikamulandila munthu wotele, tisathamangile kumupatsa udindo kapena kumuimika kuti acitile umboni pa msonkhano uliwonse ali ndi mwezi umodzi. Akagwa ali pamwamba potelo, manyazi amamuthawitsa mu mpingo ndi kumubweza ku mowa.

Ndalemba za bambo cifukwa ndi zimene ndinaona, koma amai omwa mobisa aliponso, ena a iwo obvala yunifomu ya cigwilizano pa Cinai. Iwo sangaimilile kutsogolo ndi kulonjeza, cifukwa mudzi umakhululukila mwamuna woledzela msanga kuposa mkazi. Thupi lao limadwala cimodzi-modzi akaleka mwadzidzidzi, ndipo kwa mai woyembekezela mowa umaononganso mwana ali m'mimba. Amai anzao akazindikila, amupelekeze ku kiliniki mwakacetecete m'malo momuimba m'nyimbo pa mtondo.

Za phindu la kuleka sindinena zambili, cifukwa aliyense amazidziwa. Pakapita masabata angapo cakudya cimayamba kukoma, kuthamanga kwa magazi kumatsika, ndipo mafuta amene mowa umaunjika m'ciwindi amayamba kucoka, ngakhale kuti ciwindi cimene cinafika pouma ndi zipsela sicibwelela mwakale. Cimene cimacedwa kopambana ndi cikhulupililo ca a m'nyumba. Akulu anga anadandaula kwa ine kuti miyezi itatu yapita koma alamu amawanunkhizabe akamalowa m'nyumba, ndipo mwana wamng'ono amathawilabe kuseli kwa nkhokwe akamva njinga yao. Ndinawauza kuti zaka 15 sizifafanizika ndi miyezi itatu, ndipo sanandiyankhe.

Kucokela pa malilo aja a mu Novembala 2023 sanamwenso. Iwo sakonda kuti tiziwelenga zaka, amati amangodziwa za lelo. Foni ya ndalama ikali ndi alamu, nsolo ya pa Citatu ndi pa Ciwelu ikalipo, ndipo tsopano pansi pa mango paja pamakhala anthu anai. Wacinai anabwela mwezi wathawu, mnyamata wa zaka za m'ma 30 amene analonjeza pa Sondo. Pa Mande m'mamawa akulu anga anamukweza pa njinga ndi kupita naye ku kiliniki manja asanayambe kunjenjemela kwambili.